Kodi Mawu Akuti “Adadzifunira Yekha” Amatha Mlandu?

Pali mawu awiri amene amatha milandu yambiri pakati pathu popanda mfumu kapena nkhoswe. Mawu ake ndi akuti: adadzifunira yekha. Mtsikana akapita kutauni n’kubwerako atathedwa, timatero. Mnyamata akapita kumigodi ya ku Joni n’kubwerako ndi cifuwa cacikulu, timateronso. Tikangowanena mawuwa timasamba m’manja, nkhani yatha, aliyense kwawo. Ine ndikufuna kufunsa ngati mawu amenewa alidi ndi mphamvu yotere, ndipo ndifunsa kudzera m’filimu ina ya ku America yochedwa Video Girl.

Filimuyi idatuluka m’caka ca 2011, ndipo adaitsogolera ndi Ty Hodges. Meagan Good akusewera ngati Lorie Walker, mtsikana wa m’tauni yaing’ono amene mtima wake wonse udali pa gule wa ballet, uja amavina ataimira nsonga za zala zakumapazi. Bondo litavulala, njira imeneyo idatsekeka. Kenaka tikumuona ali ku Los Angeles, pafupi ndi mwamuna wojambula mavidiyo a nyimbo, atasanduka mmodzi mwa atsikana amene amaoneka m’mavidiyo a hip-hop akuvina pambali pa woimba. Poyamba zonse n’zonyezimira: zovala, maphwando, ndalama, anthu omuloza akamadutsa. Pang’onopang’ono zobisika zikuyamba kutuluka: mankhwala ozunguza bongo, cibwenzi cosakanikirana ndi nchito moti sudziwa ngati akulankhula ndi bwana kapena wokondedwa, ndiponso kutalikirana ndi abale. Agogo ake, amene akuseweredwa ndi Ruby Dee, ndiwo akuimira mawu akunyumba.

Sindinganene kuti ndi filimu yoposa zinzake. Munthu amene adamverapo nthano za agogo pamoto amadziwiratu kumene nkhani ikupita isadafike n’pakati pomwe: cikomekome ca mkuyu, m’kati muli nyerere. Phunziro looneka msanga ndi lakuti ana aakazi asatengeke ndi zowala. Phunzirolo si labodza, koma ndi lochipa, cifukwa limasenzetsa mtsikana katundu yense, ife oonera n’kumapita kwathu opanda kanthu pamutu. Timati palibe amene adam’manga cingwe Lorie. Adakwera yekha, adavala yekha, adavina yekha. Nanga tim’lirire ciyani?

Tiyambe tavomera zoona zimene zili m’mawuwa. Lorie ndi munthu wamkulu. Kunena kuti sadasankhe ciliconse, kuti adangotengedwa ngati nkhuku yopita kumsika, nakonso n’kum’nyoza, cifukwa n’kum’landa nzeru. Alipo akazi amene adagwira nchito imeneyi maso ali tseguke ndipo adapita nayo patsogolo. Meagan Good mwiniwakeyo adaoneka m’vidiyo ya nyimbo ya 50 Cent yochedwa 21 Questions m’caka ca 2003, ndipo sizidamuononge. Melyssa Ford, amene adachuka ndi nchito yomweyi, adapitirira kukagwira nchito pakanema ndi pawailesi. Conco kuvina pamaso pa kamera pakokha si chimo, ndipo si dzenje limene aliyense wolowamo satulukamo. Amene amati “adadzifunira yekha” ali ndi mfundo imodzi m’manja. Cimene ndikukana n’cakuti mfundo imodziyo ikwanira kutseka bwalo.

Funso loyamba n’lakuti: cimene adafunaco n’ciyani, ndipo cimene adalandira n’ciyani? Lorie adafuna kuvina ndi kudziwika. Cimene adapatsidwa n’kuoneka. Zinthu ziwirizi zimafanana ngati mapasa, koma si cimodzi. Ine nchito yanga ndi ya pawailesi ya m’dera, ndipo kusiyana kwake ndimakhala nako tsiku ndi tsiku. Ambiri amene amandimvera sadaonepo nkhope yanga. Ndimatha kudutsa mumsika popanda wondizindikira, kufikira nditatsegula pakamwa kufunsa mtengo wa usipa. Sandiona, koma amandidziwa: dzina langa, maganizo anga, ngakhale kaseka kanga. Ndikasowa masiku angapo amafunsa ngati ndadwala. Mtsikana wa m’vidiyo zake n’zotembenuka. Anthu mamiliyoni aona nkhope yake ndi thupi lake, koma mawu ake sadawamve, dzina lake salidziwa. Akasowa, vidiyo yotsatira ili ndi wina, ndipo palibe wofunsa.

Izi si zangozi, ndi mmene malondawo adamangidwira. Pa 1 Agosto 1981 kanema ya MTV idayamba kuulutsa ku America, ndipo vidiyo yoyamba idali ya nyimbo ya gulu la The Buggles yochedwa Video Killed the Radio Star, mutu wonena kuti vidiyo yapha katswiri wa pawailesi. Kucokera pamenepo nyimbo idayamba kugulitsidwa ndi maso monga mmene imagulitsidwira ndi makutu. Pakona pa cithunzi amalemba dzina la woimba, dzina la nyimbo, dzina la kampani, ndipo pambuyo pake adayamba kulembanso la wojambula. Dzina la mtsikana amene wakopa maso a anthu silikhalapo. Iye ali m’gulu limodzi ndi galimoto yodula, botolo la mowa wodula ndi nyumba yobwereka: zonse zaikidwa pamenepo kuti zichule kulemera kwa mwamuna amene akuimba.

Nkhani ya ndalama imatsata njira yomweyo. Kawirikawiri woonekera m’vidiyo amalipidwa kamodzi, pa tsiku kapena masiku amene wagwira, basi. Vidiyoyo imapitirira kuonetsedwa zaka ndi zaka, ndipo phindu limapita kwa eni nyimbo ndi kampani. Ngakhale vidiyo yochuka ngati Thriller ya Michael Jackson, ya m’caka ca 1983, ili ndi nkhani yake: Ola Ray, mtsikana amene adasewera ngati bwenzi la Jackson, adapita kukhoti m’caka ca 2009 kukadandaula kuti gawo lake la phindu silidam’fike. Ngati wa m’vidiyo yoteroyo adafunika khoti patatha zaka zoposa 25, nanga mtsikana amene waima kumbuyo m’vidiyo ya woimba wamba angayembekeze ciyani?

Kuonjezera apo, panja pamakhala mzere wa atsikana ena odikira. Amene wakana kuvala cimene wauzidwa, kapena wakana kupita kumene waitanidwa usiku kujambula kutatha, amadziwa kuti mawa pamalo pake padzaima wina. Apa ndi pamene mawu akuti “adavomera” amayamba kupepuka. Kuvomera kumalemera ngati munthu adali ndi mpata wokana popanda kutaya zonse. “Inde” wa munthu amene “ayi” wake am’cotsetsa nchito, nyumba ndi anzake tsiku limodzi ndi inde ndithu, koma si wofanana ndi inde wa munthu womasuka. M’caka ca 2005 Karrine Steffans, amene adaonekapo m’mavidiyo ngati amenewa, adalemba buku lochedwa Confessions of a Video Vixen, m’mene adafotokoza za nkhanza, mankhwala ndi kugwiritsidwa nchito ndi amuna ochuka. Bukulo lidagulidwa kwambiri. Koma cimene cidachuka m’kamwa mwa anthu ndi maina a amunawo, ndipo matonzo ambiri adagwera iye mwini.

Wina angati izi ndi za ku America, dziko la patali. Koma nyimbo za ku Congo tonse tidavinapo pa maukwati, ndipo mavidiyo ake timawadziwa ndi mzere wa atsikana ovina kumbuyo kwa woimba. M’caka ca 2016 boma la Kenya lidathamangitsa Koffi Olomidé vidiyo itafala yomuonetsa akuponya mwendo kwa mmodzi mwa ovina ake pabwalo la ndege ku Nairobi. M’caka ca 2021 khoti la apilo ku Versailles, m’dziko la France, lidam’peza wolakwa pa mlandu wotsekera ovina ake akale anayi m’nyumba iwo asakufuna, ndipo lidam’patsa miyezi 18 yosakalowa m’ndende. Pa milandu yokhudza kugwirira khotilo lidam’masula. Sindikuchula izi kuti ndiweruzenso zimene khoti lidaweruza kale. Ndikufuna cabe kuti tidzifunse: woimbayo timadziwa dzina lake ndi maina ake onse odzitamandira, nanga mwa atsikana amene tidawayang’ana kwa zaka zambiri aja, ndi angati amene tingachule dzina?

Tsono mlandu uli ndi eni ake ambiri: wojambula amene amasakaniza nchito ndi zofuna zake, woimba amene amafuna kuoneka wamkulu pocepetsa ena, kampani imene imawerenga phindu, ndi nyumba zoulutsira zimene zimasankha zoonetsa. Ambiri amavomera mpaka pamenepa. Pamene pamavuta ndi pamene cala cafika pa ife oonera. Munthu amati: ine ndangoona, kodi kuona n’kuba? Zoona, kuona si kuba, ndipo si vidiyo iliyonse imene kumbuyo kwake kuli misozi. Mlandu wa woonera ndi waung’ono pouyerekeza ndi wa amene adagwira mtsikana pamkono. Komabe masiku ano diso lililonse limawerengedwa. Pa YouTube nambala ya oonera ndiyo imakoka otsatsa malonda, ndipo nambalayo ndiyo imauza ojambula kuti mawa ajambule zotani. Diso lathu ndi ndalama, ngakhale titapanda kutulutsa metikali imodzi.

Koma cimene cimandivuta kwambiri si kuonako. Ndi pakamwa. Pakamwa pomwepo pamene paimba mluzu vidiyo ikamaseweredwa pabaraka ndi pamene pamati “hule uyu” nyimbo ikatha. Timafuna gule, wovina tim’kana. Ndipo kunyoza kumeneku sikungobwera pambuyo ngati cigamulo. Ndiko kumam’chipitsa mtsikanayo kuyambira paciyambi. Wojambula amene akufuna kum’cita zoipa amadziwiratu kuti mtsikanayu alibe kokadandaula, cifukwa akangotsegula pakamwa anthu adzati: umayembekeza ciyani ndi kavalidwe kako? Apolisi adzam’yang’ana cimodzimodzi, abale adzacita manyazi, anzake adzaopa kutaya nchito. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse. Mawu akuti “adadzifunira yekha” si mawu a munthu wongoima pambali. Ndi mpanda umene umateteza wolakwa. Iye amaudalira asadacite n’komwe coipaco, ndipo amene timaumanga ndife.

Pali citsanzo ca anthu amene adakana kumanga mpanda umenewu, ngakhale nkhani yake ndi yowawa mbali zonse. M’caka ca 2003 woimba wa ku America, Nelly, adatulutsa vidiyo ya nyimbo yochedwa Tip Drill, m’mene akuoneka akudutsitsa khadi la kubanki kumbuyo kwa mtsikana ngati kuti ndi makina olipirira. Caka cotsatira bungwe lake lidakonza zopita ku Spelman College, sukulu ya ukacenjede ya akazi akuda mumzinda wa Atlanta, kukafuna anthu opereka mafuta a m’mafupa, cifukwa mlongo wake, Jackie Donahue, ankadwala khansa ya m’magazi. Ophunzira ena adati abwere, koma akhalenso pansi ayankhe mafunso okhudza vidiyo ija. Bungwelo lidalepheretsa ulendowo. Mlongo wake adamwalira m’caka ca 2005, ndipo Nelly adakhala ndi mkwiyo pa ophunzirawo kwa nthawi yaitali.

Anthu amatsutsanabe ngati nthawi imeneyo idali yoyenera kufunsa mafunso otere, ndipo ine sindingapepuse cisoni ca munthu amene ankafuna kupulumutsa mlongo wake. Koma taonani kumene ophunzira aja adaloza cala. Sadalimbane ndi atsikana a m’vidiyo. Adafunsa amene adali ndi dzina, mawu ndi phindu. Taonaninso kuti mwamuna yemweyo adali wokonzeka kuyenda dziko lonse cifukwa ca mkazi mmodzi amene adali mlongo wake. Cikondi adali naco, ndipo cidali ceniceni. Cimene cidasowa n’kuona kuti mtsikana wa khadi uja nayenso ndi mlongo wa munthu wina. Makolo adati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mwambi umenewu ndi wosavuta pakamwa, koma kamera imauphwanya mosavuta, cifukwa imatipatsa thupi la mwana wa mnzathu popanda kutiuza kuti ndi mwana wa yani.

Filimu ya Video Girl nayonso siyidapulumuke kwathunthu ku msampha umene ikutiuza. Kuti anthu aionere, iyenera kugulitsa kukongola komweko kumene ikuti n’koopsa. Ndipo monga nkhani zambiri za mtundu umenewu, kamera imakhala nthawi yaitali pa kugwa kwa mtsikana kuposa pa amene amapindula ndi kugwako. Kholo likatha kuonera limaitana mwana wamkazi n’kumulangiza. Ndi makolo angati amene amaitana mwana wamwamuna, amene mawa adzagwira kamera kapena maikolofoni, n’kumufunsa kuti adzawaona bwanji atsikana omugwirira nchito? Ngati filimuyi ingatisiye ndi cenjezo la atsikana lokha, ndiye kuti yangoonjezera mtengo umodzi pa mpanda uja.

Tisaganizenso kuti vuto ndi ciuno cogwedezeka. Ife a kuno tilibe cifukwa coopera gule. Pa cimtali kapena pa cioda amayi amatyola ciuno pabwalo, anthu onse akuona, mfumu ili pompo. Kusiyana kwake n’kotani? Wovinayo timam’dziwa: ndi mwana wa auje, mkazi wa auje, amayi ake a uje. Mawu ali nawo, cifukwa nyimbo akuimba ndi iye yemwe ndi anzake, ndipo nthawi zina nyimboyo ikudzudzula mwamuna waulesi amene waima pomwepo. Wom’fupa amaika ndalama m’manja mwake, osati m’thumba la munthu wina. Akatopa amatuluka m’bwalo. Gule akatha amapita kwawo ulemu wake uli wonse. Sindikunena kuti kumudzi kulibe nkhanza, zilipo ndipo timazidziwa. Ndikungonena kuti mwambo wathu udadziwa kale kuonetsa thupi la wovina popanda kum’landa dzina, mawu, malipiro ndi ufulu wocoka. Zinthu zinayi zimenezi ndizo zimene malonda a mavidiyo amakonda kucotsa.

N’cifukwa cake nkhaniyi yatifika pakhomo. Lero sipafunika Los Angeles. Telefoni imodzi yabwino ikwanira, ndipo acinyamata athu akujambula mavidiyo a nyimbo zawo n’kuwaika pa Facebook, pa YouTube, pa TikTok, kapena kungotumizirana pa WhatsApp. Ine ndimakondwera nazo, cifukwa nyimbo za m’cinenero cathu zikufika kumene wailesi yathu siifika. Koma kutengera kumabwera ndi zonse, mkuyu ndi nyerere zake. Mtsikana amaitanidwa ndi lonjezo lakuti udzachuka, malipiro ake botolo la zoziziritsa kukhosi. Woimba akalephera amasiya kuimba n’kuyamba geni ina, palibe wom’kumbutsa. Koma vidiyo siola. Idzatulukira pamene mtsikanayo akufuna nchito, pamene akufunsiridwa ukwati, pamene mwana wake ali kusukulu. Iye adavomera tsiku limodzi, koma dziko lidzam’lipiritsa zaka zambiri, ndipo tsiku lija palibe adam’fotokozera zimenezi.

Kwa oimba ndi ojambula athu ndili ndi mafunso anayi, ndipo palibe limene likufuna ndalama zambiri. Kodi dzina la wovina mwalilemba, ngati iye akufuna kuti lilembedwe? Kodi malipiro mudagwirizana musadayambe, ndipo mwapereka? Kodi mwamuuza kumene vidiyo idzaonetsedwa, ndipo waiona isadatuluke? Kodi atati “apa ayi” kujambula kuli m’kati, mudzamumvera popanda kum’thamangitsa? Mukayankha inde pa onse anayi, ndiye kuti mawu akuti adavomera ali ndi kulemera. Ndipo ngati mtsikanayo sadakwanitse zaka 18, mafunsowa safunika n’komwe: ndi mwana, m’bwezeni kwa makolo ake. Kwa ife a pawailesi ndi ena onse osankha zoti anthu amve ndi kuona, tili ndi mphamvu yofunsa mafunso omwewa kwa woimba amene wabwera kudzapempha kuti tim’kweze.

Tsono kodi Lorie Walker adadzifunira yekha? Inde, mbali ina adafuna, ndipo gawo lake la mlandu adzasenza, monga aliyense wa ife amasenzera zosankha zake. Koma adafuna kuvina, sadafune kusanduka katundu. Adafuna kudziwika, sadafune kuiwalika ali pamaso pa anthu onse. Pakati pa cimene adafuna ndi cimene adapeza pali manja a anthu ambiri, ndipo ena mwa manjawo ndi amene adaomba m’manja. Pabwalo la mfumu mlandu sutha cifukwa mmodzi wavomera gawo lake, ena onse amafunsidwabe.

Abale ndi alongo, sindikupempha kuti titseke maso kapena tithyole matelefoni. Ndikupempha cinthu cocepa. Tikaona mtsikana akuvina m’vidiyo, kaya ya ku America, ya ku Kinshasa kapena ya mnyamata wa m’dera lathu, tisathamangire kum’patsa dzina lonyoza. Ali nalo kale dzina limene adam’patsa makolo ake. Ndipo tsiku limene adzabwere kudzanena kuti adandilakwira, timumvere mpaka amalize, tisadanene mawu awiri aja.